Lipoti la ulendo wa ku Limbe: kusanja zigawo za nyimbo ndi kabokosi ka mabatani

A Wapampando, a komiti, ndi oyimba anzanga nonse a gulu lathu kuno ku Chitakale, zikomo pondikhulupirira n'kundituma. Maphunziro aja anali a masiku awiri mu situdiyo ina ku Limbe. Ndalama yotsala pa thiransipoti ndi pogona ndapereka kale kwa a msungichuma pamodzi ndi malisiti.

Munandituma ndi funso limodzi: kabokosi ka mabatani owala kaja tinakaona pa YouTube, tigule kapena tisagule? Ine ndikuti tigule, koma osati mwezi uno.

Kabokosiko pakokha sikalira. Kamalumikizidwa ku laputopu ndi chingwe cha USB, ndipo ntchito yake ndi kutumiza malamulo ku pulogalamu yojambulira nyimbo kudzera mu MIDI, chiyankhulo chimene zida zoyimbira zamagetsi zakhala zikumvanirana kuyambira 1983. Kamene ndinagwira ine ndi Launchpad ya Novation, ya mabatani 64, asanu ndi atatu mlitali, asanu ndi atatu mlifupi. Panalinso APC mini ya Akai ndi Push ya Ableton, koma Push ndi ya anthu a thumba lolemera, tiyisiye. Moto kamatenga ku laputopu komweko, choncho magetsi akazima timapitiriza mpaka batire itatha.

Pulogalamu yake inali Ableton Live, ya kampani ya ku Berlin, imene inatuluka koyamba mu 2001. Ili ndi tsamba lotchedwa Session View, looneka ngati bawo. Mzere uliwonse wotsika ndi chida chimodzi: ng'oma, besi, gitala, kiyibodi, mawu a wotsogolera, mawu a ovomereza. Mzere uliwonse wopingasa, umene amati scene, ndi chigawo cha nyimbo: poyambira, vesi, kolasi, pamene zida zimatsala zokha, ndi mathero. Mabatani a kabokosi aja ndi bawo lomwelo litabwera m'manja. Ukadina limodzi, chida chimodzi chimayamba. Ukadina la kumapeto kudzanja lamanja, chigawo chonse chimalowa pakamodzi.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Ukadina kolasi vesi ili pakati, kompyuta sidumpha nthawi yomweyo. Batani limaphethira, kudikira kuti bar (kagawo ka nyimbo kamene timawerenga, monga 1-2-3-4) imene ikulira ithe, kenako kolasi imagwera pamalo pake. Ndi zomwe amachita mayi athu otsogolera nyimbo akakweza dzanja kuti tibwereze: sitidula mawu pakamwa, timamaliza mzere kenako n'kutembenuka tonse. Ndinaona kuti ntchito imene imatidyera masana onse, mnyamata mmodzi akukoka zidutswa ndi mausi ife ena tikuyasamula kumbuyo kwake, ingachitike tonse tikumvera. Wina akuti kolasi ibwere kawiri, udina kawiri, timva. Wina akuti ng'oma zikhale chete pa vesi yachitatu, uzimitsa batani lake, timva. Mkangano umatha ndi makutu. Tikagwirizana, timadina batani lojambulira n'kuyimba nyimbo yonse pa mabatani, ndipo kompyuta imalemba zonse pa tsamba lina, Arrangement View, pamene nyimbo yagona kuchokera kumanzere kupita kumanja. Zokonza zing'onozing'ono zimachitikira kumeneko.

Tsiku lachiwiri aliyense anatulutsa nyimbo ya kwawo. Ine ndinatulutsa yathu ya ukwati ija tinajambula chaka chatha. Abale, inakana. Tinaijambula popanda metronome, kachida kogunda mofanana kosunga liwiro, ndiye vesi yoyamba ikuyenda pang'onopang'ono, kolasi yomaliza ikuthamanga. Titaidula m'zigawo, vesi yachiwiri sinkalumikizana ndi kolasi yoyamba. Pulogalamuyi ili ndi njira yotchedwa warp yokoka mawu kuti agwirizane ndi liwiro limodzi, koma titakoka kwambiri mawu a amayi anayamba kunjenjemera ngati akuyimbira m'madzi. Zinandiwawa, chifukwa nyimbo ija tinaivutikira.

Apa ndinasiyana maganizo ndi aphunzitsi athu. Iwo anati nyimbo yonse tiziyimba pa liwiro limodzi basi. Ndinawauza kuti kwathu kuno ng'oma imatentha pamene nyimbo ikupita, ndipo aliyense amene anaonapo tchopa ku Chonde akudziwa kuti kutenthako ndiye kukoma kwake. Kuchotsa zimenezo ndi kuphika ndiwo zopanda mchere. Titafufuza limodzi tinapeza kuti scene iliyonse ingapatsidwe liwiro lakelake. Ndinaika mavesi pa kugunda 104 pa mphindi, kolasi yomaliza pa 112, ndipo moto uja unabwerera. Kungoti liwirolo tiyenera kulisankha tisanajambule, osati kulisiyira manja a woyimba ng'oma.

Vuto lina ndi la kayimbidwe kathu kotsogolera ndi kuvomereza. Wotsogolera amalowa msanga, bar yatsopano isanayambe, kuti atiitane. Kompyuta ikadula ndendende pa chiyambi cha bar, liwu lake loyamba limatsalira ku chigawo cham'mbuyo, ndipo ukasintha dongosolo limasowa. Mankhwala ake ndi kujambula kuitanako padera, n'kukubwezera pamalo pake mu Arrangement View dongosolo likakhazikika.

Za laputopu yathu: ili ndi pulogalamu ina yojambulira nyimbo, FL Studio, ndipo nayonso ili ndi njira yoyimbira zigawo pa mabatani, Performance Mode, imene imalandira Launchpad, choncho zimene achinyamata athu anaphunzira sizitayika. Launchpad yatsopano imabwera ndi Live Lite, Ableton Live yochepetsedwa, ya mizere ya zida isanu ndi itatu, yokwanira kuyambira. Tikagula yogwiritsidwapo kale tifunse ngati mwini wake sanalembetse kale pulogalamuyo m'dzina lake. Ndinaonanso kuti laputopu ikamachedwa kuyankha, umadina batani mawu n'kubwera pambuyo. Zimachepa ukaika ASIO (kapulogalamu kothandiza mawu kudutsa msanga) ndi kutsitsa buffer (mawu amene kompyuta imasunga kaye isanawatulutse), ndipo aphunzitsi anandionetsa kachitidwe kake.

Ndiye pempho langa ku komiti ndi lakuti ndalama ya kabokosi isungidwe kaye. Tiyambe ndi zosalira khobiri. Nyimbo ya ukwati ija tiilembe pa bolodi chigawo ndi chigawo, tiwerenge ma bar a chilichonse, tigwirizane liwiro. Achimwene a ng'oma ayeserere ndi metronome m'makutu kwa masabata atatu. Ndikudziwa kuti poyamba zidzawatopetsa, inenso pa kiyibodi zinandivuta tsiku lonse. Kenako tijambulenso chigawo chilichonse pachokha. Zigawo zikalumikizana bwino ndi mausi, kabokosi kadzapeza ntchito yoti kagwire, ndipo komiti idzagamula itamva ndi makutu ake.

Lachinayi pa mayeserero ndibwera ndi nyimboyo mitundu iwiri, yonjenjemera ija ndi ya 104 mpaka 112, kuti mumve nokha. Amene ali ndi mahedifoni otseka makutu bwino atibwereke, chifukwa a gulu aja mbali imodzi inafa.