Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Chingerezi ku Zomba

Aphunzitsi anzanga a m'zoni yathu, ndabwerako ku Zomba kumene munandituma. Msonkhano unali wa masiku atatu. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kale kwa msungichuma wathu, wofuna kuona akaone.

Tsiku loyamba linathera pa malonje ndi nkhani ya masikimu (mapulani a zophunzitsa pa teremu), zomwe tonse timazidziwa. Zenizeni zinali mawa lake masana. Mayi wina wophunzitsa ku koleji analemba pabolodi mawu akuti "remark", natifunsa tanthauzo lake. Tonse pamodzi tinati ndemanga. Iwo anavomera, koma anati tione kaye kwawo kwa mawuwo. Anachokera ku Chifalansa, "remarquer", ndipo analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600. M'kati mwake muli "mark", chizindikiro, mawu omwe ife tinabwereka n'kumati malikisi. Poyamba sankanena za kuyankhula ayi, ankanena za kuona chinthu n'kuchizindikira. N'chifukwa chake "remarkable" ndi chinthu choti maso sangachidumphe. Kuyankhula kunabwera pambuyo: uone kaye, kenako unene chomwe waona.

"Comment" ndi wa fuko lina. Anachokera ku Chilatini, "commentum", chinthu chopeka m'mutu, ndipo kenako ankatanthauza kufotokozera mawu a m'buku. Apa m'pamene panachokera "commentary", kaya mabuku ofotokozera Baibulo omwe abusa amasunga, kaya ya owulutsa mpira pawailesi. Anatikumbutsanso kuti ana athu amakonda kulemba "comment the poem", kusiya "on".

Ine mtima unathamangira ku masukulu lipoti athu. Pansi paja pamati "Teacher's remarks" timalembapo chiyani? "Fair." "Good." "Work hard." Ana 80, mawu atatu omwewo. Teremu yatha agogo a mwana wina wa m'kalasi mwanga anabwera pansi pa mtengo wa mango uja, lipoti atalipinda pa nsonga ya chitenje, kudzafunsa ngati "Fair" ndi kukhoza kapena kulephera. Ndinawafotokozera, koma atandifunsa chomwe chimamuvuta mdzukulu wawoyo ndinasowa chonena. Ndinalemba ndemanga pa mwana yemwe sindinamuone.

Ndiye pamene msonkhano unagwirizana tsiku lomaliza zoti pakhale mndandanda wa ndemanga zokonzeratu, mphunzitsi azingosankhapo, ine ndinakana. Anandiposa mavoti, ndipo pepala lake ndabwera nalo monga nthumwi yanu. Akuti zichepetsa ntchito komanso zolakwika za galamala. Zoona, ntchito ndi yambiri, nanenso ndimachonga mpaka usiku ndi tochi ya foni. Koma ndemanga yolembedwa ku Zomba imudziwa bwanji mwana wa kuno amene amajomba Lachisanu lililonse chifukwa cha msika? Maganizo anga ndi akuti tilembe chiganizo chimodzi chokhudza mwanayo, ndipo ngati makolo samva Chingerezi tilembe m'Chichewa. Ena a inu munati zimenezi zitsitsa ulemu wa sukulu. Nanga lipotilo timalembera ndani?

Ndinenenso ichi, poti chimandiwawa. Zonse zomwe mayi aja anatiphunzitsa zili m'dikishonale yaikulu, ngati ija tinasonkherana chaka chatha. Mpaka lero ili m'kabati yokiya, ndipo kiyi amayenda ndi munthu mmodzi. Ndapempha katatu kuti iziyendera masukulu onse, yankho palibe. Ndamvanso kuti ena akuti ndinapita kukadya alawansi. Alawansiyo inathera pa thiransipoti ndi kujambulitsa mapepala omwe ndikugawireni.

Za mayeso oyeserera ndi magulu owerenga anangobwereza za chaka chatha. Ndikupempha kuti Lachisanu likudzali aliyense abwere ndi malipoti asanu a teremu yatha, tiwerengere limodzi zomwe tinalemba pansi paja, tisanavomereze mndandandawo. Amene akusunga kiyi wa kabati abwere nayenso.