Kalata ya Abusa kwa Onse Amene Malonda Awavuta ndi Amene Mitima Yalema

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye wathu Yesu Khristu,

Chisomo ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate zikhale nanu nonse, inu amene timaonana mlungu uliwonse ndiponso inu amene mwatha nthawi osaoneka m'nyumba ya mapemphero.

Ndasankha kukulemberani kalata m'malo molankhula pa guwa chifukwa nkhani iyi ndi yofunika kuti munthu aiwerenge payekha, modekha, popanda kuopa maso a amene wakhala naye pafupi. M'miyezi yapitayi ndacheza ndi ambiri a inu, ndipo ndaona kuti katundu amene mwasenza ndi wofanana, ngakhale kuti aliyense akuganiza kuti zamugwera yekha. Wina mpamba wake unathera kuchipatala pamene mwana anadwala, wina ntchito inamuthera mwadzidzidzi, wina anakongoza katundu kwa anthu amene mpaka lero akumuzemba, ndipo wina foni yake ikalira mtima umamugunda chifukwa akudziwa kuti ndi mwini ngongole. Ndikaima kutsogolo ndimaona munthu amene kale ankakhala pa benchi lachiwiri tsopano akulowa nyimbo yoyamba itatha, n'kukhala pafupi ndi khomo, kenako n'kutuluka mdalitso womaliza usanaperekedwe, kuti asakumane ndi m'bale amene anamubwereka ndalama. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa manyazi akumuchotsa munthu pamalo amene anayenera kupezapo mpumulo.

Ndikufuna tiyambe ndi mneneri Yeremiya, m'mutu 32 wa buku lake. Chinali chaka cha 10 cha ufumu wa Zedekiya, ndipo ankhondo a Nebukadinezara mfumu ya ku Babulo anali atazinga Yerusalemu. Mneneriyo anali wotsekeredwa m'bwalo la alonda chifukwa cholosera kuti mzindawo ugwa. Pa nthawi yoteroyo kunafika Hanameli, mwana wa Salumu m'bale wa atate ake, kudzamuuza kuti agule munda wa ku Anatoti popeza udindo wouwombola unali wake. Munthu aliyense wodziwa malonda akanakana, chifukwa palibe amene amagula malo m'dziko limene adani alilanda kale. Koma Yeremiya anagula, chifukwa Yehova anali atamuuziratu. Anayeza masekeli 17 a siliva pa sikelo, analemba kalata ya umboni, anaimata, anaitana mboni, ndipo anapereka makalata onse awiri, lomata ndi losamata, kwa Baruki mwana wa Neriya, n'kumulamula kuti awasunge mu mtsuko wadothi kuti akhale nthawi yaitali. Chifukwa chake chinali lonjezo lakuti nyumba, minda ndi minda ya mpesa zidzagulidwanso m'dzikomo.

Taonani mmene chiyembekezo cha munthu ameneyu chinalili. Sanakane kuti mzinda ukugwa, popeza ndi iye yemwe ankalengeza zimenezo. Sanachitenso zinthu mwachisawawa ngati munthu wotaya mtima, koma anasamala sikelo, mboni, makalata ndi posungira pake, monga achitira munthu wokhulupirira kuti kuli mawa. Chimene ndimakonda kwambiri m'nkhaniyi ndi chakuti atamaliza zonsezi anapemphera, ndipo kumapeto kwa pempherolo anadandaula kwa Mulungu kuti wamuuza kugula munda pamene mzinda ukuperekedwa m'manja mwa Akasidi, ndiwo anthu a ku Babulo aja. Anamvera ali ndi mafunso mumtima, ndipo Mulungu sanamudzudzule chifukwa cha mafunsowo. Choncho inu amene mumatsegula malo anu a malonda m'mawa muli ndi nkhawa, n'kumadzifunsa ngati kulimbikira kwanuku kuli ndi phindu, musadziyese anthu opanda chikhulupiriro.

Pali chiyembekezo chinanso chimene ndiyenera kukuchenjezani nacho, ndipo chili m'buku lomwelo, mutu 28. Hananiya wa ku Gibeoni anaimirira m'Nyumba ya Yehova, nathyola goli la mtengo limene linali pakhosi pa Yeremiya, nalengeza kuti pasanathe zaka ziwiri ukapolo utha ndipo ziwiya za m'Kachisi zibwerera. Uthengawo unali wokoma m'makutu, koma unali wabodza, ndipo Yehova anali atanena kuti zaka za ku Babulo zidzakhala 70. Ahananiya alipo mpaka lero. Ena amabwera ndi malonda olonjeza kuti ndalama zanu ziswana kawiri pa mwezi umodzi bola mukope anzanu kuti alowe nawo, ena amakuitanirani ku juga ya pa foni, ndipo ena, n'zomvetsa chisoni kunena, amabwera m'dzina la Mulungu n'kumati mukapereka ndalama zotsala za mpamba wanu ngongole ifufutika yokha. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene wapanikizika ndi amene amagwa msanga m'misampha yotere, ndipo ndikukupemphani kuti musapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza phindu lachangu musanafunse anthu awiri kapena atatu okhwima maganizo amene alibe gawo m'malondawo.

Tsopano ndifike pa nkhani ya ngongole, imene yasowetsa tulo ambiri a inu. Pa 2 Mafumu 4:1-7 tikumva za mayi wamasiye amene anafuulira Elisa kuti wokongoza akubwera kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Mwamuna wake anali mmodzi wa ana a aneneri, munthu woopa Yehova, komabe anamwalira ali ndi ngongole. Mfundo imeneyi yokha ndi yokwanira kutseka pakamwa pa onse amene amati kugwa kwa bizinesi ndi umboni wa tchimo lobisika kapena wa kuchepa kwa pemphero. Malonda amagwa chifukwa cha matenda, kukwera kwa mitengo ya katundu, kuchepa kwa ogula, kuberedwa, kapena kulakwitsa powerengera, ndipo zonsezi zimagwera olungama ndi osalungama omwe.

Elisa anayamba ndi kumufunsa mayiyo kuti ali ndi chiyani m'nyumba. Iye anayankha kuti alibe kanthu, kenako anakumbukira kuti pali kamtsuko ka mafuta. Munthu wosweka mtima amayamba ndi mawu akuti ndilibe kanthu, ndipo pamafunika wina womufunsa modekha kuti akumbukire chimene chatsala. Ndinakhalapo pansi ndi mlongo wina amene anabwera akulira kuti zonse zatha. Tinatenga kope ndi cholembera, ndipo ndinamupempha kuti alembe tsamba limodzi onse amene akumufuna ndalama, tsamba lina onse amene iye akuwafuna ndalama, ndipo tsamba lachitatu zonse zimene akadali nazo. Dzanja lake linkanjenjemera polemba tsamba loyamba, chifukwa kwa miyezi yambiri ankaopa kuphatikiza ziwerengerozo. Ataphatikiza anapumira m'mwamba, popeza ngongoleyo, ngakhale inali yaikulu, inali ndi malire, pamene m'maganizo mwake usiku inkaoneka yopanda mathero. Pa tsamba lachitatu panali makina osokera, luso la zaka zambiri, ndi mayina a makasitomala amene ankamukhulupirira. Sindikunena kuti mavuto ake anatha tsiku lomwelo, koma anatuluka akudziwa poyambira.

Mayi wamasiye uja anatumidwa kukabwereka mitsuko yopanda kanthu kwa anansi ake onse, zimene zikutanthauza kuti anayenera kugogoda pa makomo a anthu ndi kulola kuti kusowa kwake kudziwike. Mafuta atadzaza mitsuko yonse, Elisa anamuuza kuti akagulitse mafutawo, abweze ngongole, ndipo zotsalazo adye ndi ana ake. Ngakhale chozizwitsa chinachitika, kugulitsa kunali kwa mayiyo, ndipo ngongole inabwezedwa mpaka kumapeto. Pamenepa ndikulangizani mosabisa mawu. Musathawe amene anakukongozani, musazime foni, ndipo musalonjeze tsiku limene mukudziwa kuti simudzakwanitsa. Pitani nokha iye asanakufuneni, mufotokoze mmene zinthu zilili, ndipo mupemphe kuti muzibweza pang'onopang'ono malinga ndi mphamvu zanu. Okongoza ambiri amapsa mtima ndi kuzembedwa kuposa kuchedwa kwa ndalama. Pewani kutseka ngongole ina ndi ngongole ya katapila, chifukwa chiwongoladzanja chake chimakula msanga kuposa phindu la malonda alionse oona, ndipo Miyambo 22:7 inanena kale kuti wokongola amakhala kapolo wa womukongoza. Mukayambiranso, siyanitsani ndalama za mpamba ndi za pakhomo, ndipo muzilemba zonse zolowa ndi zotuluka ngakhale zikhale zochepa motani. Amuna ndi akazi apabanja, musabisirane ngongole, pakuti mnzanu akazimvera kwa anthu akunja bala lake limaposa la ndalama zotayikazo.

Nthawi zina kulimba mtima kumatanthauza kutseka bizinesi imene yakhala ikudya mpamba mwezi ndi mwezi, n'kuyamba china chaching'ono kapena kukagwira ntchito kwa wina kwa kanthawi. Akwila ndi Priskila anachoka ku Roma pamene mfumu Klaudio inalamula kuti Ayuda onse atuluke mumzindamo, ndipo anakayambiranso ntchito yawo yosoka mahema ku Korinto. Kumeneko ndi kumene Paulo anawapeza n'kumagwira nawo ntchito, monga tiwerenga pa Machitidwe 18. Malo awo akale anawasiya, koma luso linapita nawo m'manja.

Ndisaiwale inu amene mavuto anu afika pa thupi ndi m'maganizo, amene simukugona, chakudya sichikulowa, ndipo mwayamba kuganiza kuti banja lanu lingapepukidwe inu mutachoka pa dziko. Eliya, mneneri amene anaona moto ukutsika pa phiri la Karimeli, anathawa Yezebeli, nakhala pansi pa kamtengo m'chipululu, napempha kuti afe. Pa 1 Mafumu 19 Mulungu sanayambe ndi ulaliki. Anamulola kugona, anamutumizira mngelo ndi mkate ndi madzi kawiri konse, ndipo pambuyo pake pa phiri la Horebu anamuuza kuti sali yekha monga ankaganizira, pakuti panali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala. Paulo nayenso analemba pa 2 Akorinto 1:8 kuti ku Asiya anapsinjika kopitirira mphamvu zake mpaka anataya chiyembekezo chokhala ndi moyo. Ngati atumiki otere anafika pamenepo, inu musachite manyazi kunena. Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, uzani munthu tsiku lomwelo, kaya ndi ine, mkulu wa mpingo kapena wachibale, ndipo tipite limodzi kwa adokotala kapena aphungu odziwa za matenda a maganizo. Kupita kuchipatala sikutsutsana ndi pemphero. Ngongole ili ndi njira zokambirana, ndipo ana anu akufuna inuyo kuposa chuma chilichonse chimene chinatayika.

Mawu otsatirawa ndi a inu amene zinthu zikukuyenderani bwino pakadali pano. Mabwenzi atatu a Yobu anachita bwino kwambiri pa masiku 7 oyamba, pamene anakhala naye pansi usana ndi usiku osalankhula kanthu. Analakwa pamene anatsegula pakamwa n'kuyamba kufufuza tchimo limene linamuchotsera nkhosa 7,000 ndi ngamira 3,000, ndipo kumapeto Mulungu anawakwiyira. M'bale akagwa pa malonda, musasandutse nkhani yake kukhala miseche yovala chovala cha mutu wa pemphero. Muyendereni, mugulireni katundu wake pa mtengo woyenera osanenerera mopitirira, mulozereni makasitomala, ndipo ngati mukudziwa kusunga mabuku a ndalama mupatseni madzulo amodzi kuti mumuthandize kuwerengera. Inu amene munakongoza abale anu, ndalama zanu ndi zanu ndithu ndipo muli ndi ufulu wozifuna, koma kumbukirani lamulo la pa Deuteronomo 24:6 loletsa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa kuteroko n'kulanda moyo wa munthu. Mukalanda makina, njinga kapena zida zimene munthu amapezera chakudya, mwatseka njira yomwe akanakubwezerani. Inunso amene muli ndi ngongole kwa abale a mumpingo, musayese kuleza mtima kwawo ngati chilolezo choiwala, pakuti Salimo 37:21 limatcha woipa munthu amene amakongola koma osabweza.

Ndapempha akulu a mpingo kuti m'masabata akubwerawa ayendere mabanja amene takhala tisakuwaona, ndipo chonde alandireni popanda mantha, chifukwa sakubwera kudzafunsa za chopereka. Aliyense wofuna kuti tikhale pansi ndi kope ndi cholembera, kapena wofuna kuti wina amuperekeze pokakambirana ndi mwini ngongole, andiuze mapemphero akatha kapena atume uthenga kudzera mwa mkulu wa dera lake, ndipo zimene tidzakambirane zidzathera pakati pathu. Kwa m'bale wanga amene mumakhala pafupi ndi khomo, malo anu pa benchi lachiwiri akadalipo, ndipo mlungu uno ndikupemphani kuti mudikire mpaka mdalitso womaliza kuti ndidzakugwireni chanza.

Mulungu wa chiyembekezo akusungeni inu ndi mabanja anu.

Ine mtumiki mnzanu mwa Khristu,
Mbusa wanu