Odwala impso auzidwenso za mtima wawo

Akonzi,

Amuna anga akhala akupita ku dialysis, kosefa magazi ndi makina, kwa zaka zitatu tsopano. Maso athu onse anali pa impso, mpaka mwezi watha pomwe anayamba kubanika akagona chagada, miyendo itatupa. Atawajambula, anapeza kuti mnofu wa mtima mbali ya kumanzere wakhuthala.

Ndinafunsa kuti mtima walowapo bwanji. Dokotala wina wachitsikana, Mulungu amudalitse, anakhala nane pansi. Anati impso zikafooka zimalephera kutaya mu mkodzo mchere wina wochokera m'zakudya wotchedwa phosphate. Mafupa amatulutsa homoni yotchedwa FGF23 kuti izikakamize kutaya, ndipo homoniyi imakwera msanga, magazi akuonekabe ngati ali bwino. Imatsitsanso vitamini D, zomwe zimachititsa tizigawo tinayi ta pakhosi kupanga homoni ina yotchedwa PTH yambiri, imene imakoka calcium m'mafupa. Calcium ndi phosphate zikachuluka zimamatirira m'mitsempha n'kuiumitsa, monga zoyera zija zimamatirira m'ketulo ndi madzi athu a mu Lusaka. Kafukufuku wa mu 2011 anaonetsa pa mbewa kuti FGF23 payokha imakhuthalitsa mtima. BP ndi madzi ochuluka m'thupi zimangowonjezera moto.

Chomwe chikundiwawa ndi ichi. Zaka zonsezi ndinkawapatsa mapiritsi a calcium carbonate m'mawa ndi pogona, ngati Panado. Palibe anandiuza kuti amamwera pa chakudya, kuti agwire phosphate m'matumbo isanalowe m'magazi. Ndinkawamana nyemba n'kumawagulira poloni ndi soseji, ine n'kumati ndikusamala wodwala. Chonsecho phosphate yothiridwa m'zakudya za m'fakitale ndi m'zakumwa za cola imalowa m'magazi pafupifupi yonse, pomwe ya mu nyemba ndi nsawawa imalowa pang'ono. Kapenta amene timadya ndi minga yomwe nayenso ali nayo yambiri. Nyemba zili ndi vuto lake la potassium, mchere wina umene impso zofooka zimalepheranso kutaya, choncho muyeso wake auzidwe ndi achipatala.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo usindikize timapepala tofotokoza zimenezi mu Chinyanja ndi Chibemba, tiziperekedwa tsiku lomwe munthu wauzidwa kuti impso zafooka. Odwalawa aziyezedwanso phosphate, PTH ndi mtima asanayambe kubanika. Pa benchi yodikirira timakhalapo azimayi ambiri, ndipo amene ndawafunsa sabata ino akumwetsa mapiritsi aja mmene ndinkachitira ine.

Mayi wodwazika,
Matero, Lusaka