Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za Maboma Ang'onoang'ono: za mapampu a galimoto zozimitsira moto

Olemekezeka a Nduna,

Msika ukapsa, kukacha mawu amakhala omwewo: "Ozimitsa moto anabwera opanda madzi." Kawirikawiri galimoto imafika thanki ili yodzaza, kungoti thanki ya malita 4,000 ndi yochepa pa moto wa msika. Payipi imodzi yozimira imatulutsa malita pafupifupi 500 pa mphindi, ndiye mukatsegula awiri, pakutha mphindi 4 thanki yauma. Madzi a m'thanki ndi ogwirizira chabe, podikira kuti pampu ilumikizidwe ku hydrant (potungira madzi ozimitsira moto pa mapayipi a mzinda) kapena kumtsinje. Ife odziwa ntchito ya mapampu tikupempha kuti unduna wanu, umene umayang'anira makhonsolo a Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, uike maso pa pampu, pa munthu woiyendetsa ndi pa malo otunga madzi. Galimoto yatsopano payokha siyizimitsa moto.

Pampu ya pa galimotozi ndi ya mtundu wa centrifugal, ndipo imazunguzidwa ndi injini ya galimoto yomweyo kudzera pa giya yapadera yotchedwa PTO. M'kati mwake muli impeller, gudumu la mapiko. Madzi amalowera pakati pa gudumulo, mapiko n'kuwaponyera m'mbali mwaliwiro, ndipo njira yotulukira, imene imanka nikula, imasandutsa liwirolo kukhala presha. Pampu zopangidwa potsata muyezo wa ku Ulaya wa EN 1028 zimalembedwa, mwachitsanzo, FPN 10-2000: malita 2,000 pa mphindi, pa presha ya 10 bar, madzi ali mamita 3 kunsi kwa pampu. Pogula galimoto anthu amawerenga manambala awiri oyambawo, la mamita 3 n'kulilumpha, pamene vuto lathu lili pomwepo.

Pampu yotere simatha kukoka mpweya. Ikakhala yopanda madzi imangozungulira, osatulutsa kanthu. N'chifukwa chake pambali pake pamakhala kapampu kena, primer, kamene kamachotsa mpweya m'pampu ndi m'payipi yokokera. Mpweyawo ukachoka, mpweya wakunja umene ukupsinja pamwamba pa mtsinje ndiwo umakankhira madzi m'payipi mpaka kufika pa impeller. Pagombe la nyanja yamchere mphamvu imeneyi singakweze madzi kupitirira mamita 10.3, ndipo pa ntchito yeniyeni malire ndi mamita 7.5 kapena 8. Pa mamita 7.5 pampu imapereka theka chabe la madzi olembedwa aja. Tsono Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, Mzuzu ili pamwamba kuposa apo, ndipo pa mamita 1,000 alionse okwera pampu imaluza mita imodzi ndi kanthu. Onjezanipo mwezi wa October, mtsinje utaphwa, madzi atafunda. Galimoto yoima pamlatho wautali singakweze kanthu, ngakhale madzi akuoneka ndi maso pansipo. Mapayipi okokera amene galimoto imanyamula nawonso kawirikawiri sapitirira mamita 8 mpaka 10 onse pamodzi.

Pempho lathu loyamba lachokera pamenepa. Mtsinje wa Lilongwe ukudutsa pafupi ndi misika ya ku Old Town, Mudi ali m'kati mwa Blantyre, Likangala ali ku Zomba, Lunyangwa ku Mzuzu. Khonsolo iliyonse imange malo otsetsereka a konkire oti galimoto yolemera matani oposa 10 ikhoza kutsikapo osatitimira, pampu n'kukhala mamita 3 kapena 4 pamwamba pa madzi a m'chilimwe. Pamalopo pakumbidwe dziwe laling'ono lomachotsedwa matope, ndipo pasaloledwe benchi ya malonda kapena otsuka galimoto. Kumene mtsinje uli kutali, thanki ya pansi pa nthaka pafupi ndi msika imagwira ntchito yomweyo.

Kukoka madzi kuli ndi ndondomeko yake, ndipo kulumpha chimodzi ndi kutaya mphindi. Woyendetsa amamanga buleki, kuika mphiringidzo kumatayala, n'kulowetsa PTO. Anzake amalumikiza mapayipi olimba okokera, kuona kuti labala wa pamfundo iliyonse alipo ndipo sanang'aluke, n'kumanga ndi sipanala. Kumapeto kumaikidwa sefa, imene imamangidwa chingwe kuti isagone pamatope. Sefayo imire katatu kukula kwa payipi: payipi ya mamilimita 100, masentimita 30 kapena kuposa, apo ayi pamwamba pa madzi pamachita kamvuluvulu kolowetsa mpweya. Payipi ikwere bwinobwino kuchokera m'madzi kukafika pa pampu, popanda malo okwera kuposa khomo la pampu, chifukwa pamalo otero mpweya umabisala. Kenako mavavu onse otulutsira, a thanki ndi okhetsera madzi amatsekedwa, primer n'kuyamba. Geji ya presha ikayamba kukwera, primer imaimitsidwa, vavu yotulutsira n'kutsegulidwa pang'onopang'ono uku injini ikukwezedwa. Pakatha masekondi 45 madzi osabwera, aime ndi kufufuza. Kuumiriza kumawotcha zotchinga madzi za pa shafuti, zimene zimaziziritsidwa ndi madzi omwewo.

Woyendetsa wophunzitsidwa amadziwa vuto pongoyang'ana geji ya kolowera madzi. Singano ikakana kutsika kunsi kwa ziro, mpweya ukulowa penapake: labala wasowa, vavu yokhetsera yaiwalika, kapena sefa yayandama. Singano ikatsika kwambiri koma madzi osabwera, sefa yatsekeka, ndipo m'mitsinje ya m'tauni chotseka chimakhala majumbo ndi mabotolo. Pampu ikayamba kulira ngati mwathiramo miyala, presha n'kumagwa ngakhale injini ikukwezedwa, imeneyo ndi cavitation. Pampu ikufuna madzi oposa amene akufika, madzi a pakhomo la impeller akusanduka thovu la nthunzi, thovulo n'kumaphulikira pa mapiko ndi kudya chitsulo. Mankhwala ake ndi kutsitsa injini ndi kutseka payipi imodzi. Wosadziwa amakweza injini poganiza kuti injini yafooka, impeller n'kutha.

Pa hydrant madzi amabwera ndi presha kale, koma napo pali zake. Hydrant itsegulidwe kaye kuti mchenga ndi dzimbiri zituluke, kenako ndi pomwe ilumikizidwe. Popopa, geji ya kolowera isatsike kunsi kwa 1 bar. Ikafika pa ziro, payipi yofewa imaphwafuka, ndipo pampu imayamba kukoka m'mapayipi a mzinda, zimene zingalowetse madzi akuda paliponse pamene pali mng'alu. Hydrant yokwiriridwa ndi phula kapena yomangidwapo golosale ndi yosathandiza, chimodzimodzi imene ili pa payipi youma. Makhonsolo ndi mabungwe ogawa madzi aziyendera limodzi ma hydrant onse kawiri pa chaka, kuyeza malita amene iliyonse ikutulutsa, kulemba pa mapu, ndiponso kukhala ndi nambala ya foni yoyankhidwa usiku, kuti moto ukabuka madzi alozetsedwe kuderalo.

Presha imatayikanso m'mapayipi ozimira. Pa malita 500 pa mphindi, payipi ya mamita 25 yokula mamilimita 70 imadya pafupifupi 0.2 bar, pamene ya mamilimita 45 imadya 1.5 bar. Moto ukakhala mamita 200 kuchokera pa galimoto, pamafunika mapayipi 8. Aakulu adzadya pafupifupi 1.6 bar yokha onse pamodzi, aang'ono 12 bar, kuposa presha yonse yolembedwa pa pampu, pamene kukamwa kwa payipi kukufunika 6 kapena 7 bar. Madzi akachuluka kawiri, kutayikako kumachuluka kanayi, ndipo mita iliyonse yokwera m'nyumba yosanja imadya 0.1 bar. Choncho pogula, mapayipi aakulu asachepe. Mavavu azitsekedwa mwapang'onopang'ono, chifukwa madzi othamanga akaimitsidwa mwadzidzidzi amaphulitsa payipi ndi kugwetsa munthu woigwira. Ndipo mapayipi onse akatsekedwa pampu ikuzungulirabe, madzi a m'kati amatentha mpaka kuwira, ndiye ena azibwezedwa kuthanki.

Pali nkhani ina yooneka yaing'ono. Zolumikizira mapayipi zimasiyana ndi dziko: ku Germany ndi Storz, ku Britain ndi instantaneous, ku Japan ndi Machino. Galimoto ziwiri zochokera kosiyana zikhoza kukumana pamoto umodzi n'kulephera kupatsana madzi. Unduna usankhe mtundu umodzi wa dziko lonse, ndipo galimoto iliyonse yolowa, kaya yogula kaya yamphatso, ibwere ndi zosinthira, malabala, zotchinga madzi za pa shafuti, ndi buku la pampu m'chinenero chimene makaniki angawerenge.

Pomaliza, kuyeza. Mlungu uliwonse pampu iyezedwe ili youma: khomo lolowera madzi litsekedwe ndi chivindikiro, primer itsitse singano kufika cha ku -0.8 bar m'masekondi 30, kenako iimitsidwe. Singano ikabwerera ndi zoposa 0.1 bar m'mphindi imodzi, pampu ikudontha mpweya ndipo sidzakoka pamtsinje. Miyezi itatu iliyonse galimoto ipite kumadzi enieni, ikapope kwa mphindi 15 kapena kuposa, malita ndi presha zilembedwe m'buku la galimotoyo. Izi zimafuna dizilo, ndipo dizilo wa kuyeza akhale ndi mzere wakewake m'bajeti, chifukwa akasakanizidwa ndi wa maulendo ena samafika. Woyendetsa pampu akhale ndi udindo wodziwika, maphunziro ake ndi mayeso a chaka ndi chaka, osati dalaivala aliyense amene wapezeka pa shifiti. Tikupempha kuti makhonsolo anayiwa azitumiza ku ofesi yanu mabuku a mapampu miyezi itatu iliyonse, ndipo woyamba kufunsidwa akhale wa galimoto imene tsamba lake lilibe manambala.

Ndife anu,
Amakaniki ndi aphunzitsi a ntchito ya mapampu ozimitsira moto