Chotupa cha pakhosi chosapweteka chisamanyalanyazidwe

A Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndikambepo za khansa ya m'chithokomiro, matenda amene satchulidwa kawirikawiri ngakhale kuti ali m'gulu la khansa zimene zimachizika bwino kwambiri zikapezeka msanga.

Chithokomiro ndi kachiwalo kamene kali kumunsi kwa khosi, kutsogolo kwa kholingo, ndipo ntchito yake ndi kupanga mahomoni amene amayendetsa kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi komanso mmene thupi limagwiritsira ntchito mphamvu zake. Kachiwaloka kamatupa pa zifukwa zingapo, makamaka kuchepa kwa ayodini m'thupi, ndipo pa zotupa 10 zilizonse zopezeka pamenepa, pafupifupi 9 sizikhala khansa. Zimenezi n'zolimbikitsa, koma n'zimenenso zimapusitsa anthu, chifukwa munthu akaona kachotupa amangoti ndi kutupa wamba kwa chithokomiro, n'kukhala nako zaka zambiri osaonana ndi dokotala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti khansa imeneyi nthawi zambiri sipweteka. Munthu amadya, amagona, amagwira ntchito zake bwinobwino, ndipo ngakhale atapimitsa magazi, mahomoni ake amapezeka kuti ali pamlingo woyenera. Zizindikiro zofunika kuziganizira ndi chotupa cholimba chimene chikukulirakulira, kusasa mawu kwa milungu ingapo popanda chimfine, kuvutika pomeza kapena popuma, ndi mwanabere wa m'khosi wosaphwa. Amayi amadwala khansayi kuwirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi abambo, ndipo ambiri amapezeka nayo akadali a msinkhu wobereka, nthawi imene sayembekezera n'komwe kuti angadwale khansa.

Mitundu yake ikuluikulu ilipo inayi. Wofala kwambiri ndi papillary, umene umapezeka mwa odwala pafupifupi 8 pa 10 alionse, ndipo umakula pang'onopang'ono moti ochuluka amene alandira chithandizo amakhala ndi moyo zaka zambiri. Mtundu wa follicular nawonso umachizika bwino. Wa medullary nthawi zina umayenda m'magazi a pabanja, choncho wina akapezeka nawo, ndi bwino kuti abale ake apimidwe. Wa anaplastic ndiye woopsa, umakula mofulumira kwambiri ndipo umagwira makamaka okalamba, koma supezeka kawirikawiri. Chinthu chodziwika bwino chimene chimayambitsa khansayi ndi cheza cha nyukiliya chikafika pakhosi munthu akadali mwana, monga zinachitikira ana ambiri a ku Ukraine, Belarus ndi Russia pambuyo pa ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl mu 1986.

Kupima kwake sikovuta monga ena amaopera. Dokotala amaunika khosi ndi makina a ultrasound, ndipo chotupa chikaoneka chokayikitsa amalowetsamo kasingano kakang'ono n'kutengako timaselo tokaunika. Ikapezeka khansa, amachotsa theka la chithokomiro kapena chonse pa opaleshoni, ndipo ena amamwetsedwa ayodini wa cheza kuti aphe maselo otsalira. Amene wachotsedwa chithokomiro chonse amamwa piritsi la levothyroxine, lolowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, tsiku lililonse kwa moyo wake wonse, ndipo kulidukiza n'kudzipweteka yekha, pakuti thupi silikhalanso ndi kwina kotenga mahomoniwo.

Sindikunena kuti aliyense athamangire kukaunikitsa khosi pamene alibe vuto. Ku South Korea, kumene anthu athanzi ankaunikidwa mwaunyinji, chiwerengero cha opezeka ndi khansayi chinakwera kuwirikiza ka 15 pakati pa 1993 ndi 2011 pamene imfa sizinasinthe, ndipo ambiri anachitidwa opaleshoni chifukwa cha tizotupa timene sitikanawavutitsa. Pempho langa likupita kwa amene ali kale ndi chotupa chogwirika ndi dzanja, kuti akachionetse, komanso kwa azaumoyo, kuti wodwala wotereyu asamabwezedwe ndi mankhwala opha ululu asanaunikidwe khosi lake.

Ndine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa