Kalata kwa Akhristu Amene Akulimbana ndi Nkhuli Pofuna Kuchepetsa Thupi

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere wa Khristu ukhale nanu nonse. Kalata ino ndi yanu inu amene achipatala anakuuzani kuti muchepetse thupi chifukwa cha BP, shuga kapena mawondo, ndipo mwayesayesa koma chakudya chikukugonjetsani. Ndi yanunso inu amene mumawaphikira.

Ambiri amalakwitsa poyambira penipeni. Munthu akatsika pa sikelo ya kuchipatala amalumbira kuti mawa sadya m'mawa, masana angomwa madzi. Amapiriradi mpaka dzuwa kupendeka. Ikamakwana 7 koloko madzulo njala yafika poipa, mitanda isanu ya nsima imapita, n'kutsirapo tiyi wa shuga ndi buledi. Kukacha ayamba kudziimba mlandu kuti alibe chikhulupiriro. Ayi, si chikhulupiriro chaperewera. Thupi likamanidwa tsiku lonse limafuna zobwezeretsa mphamvu msanga, ndizo shuga, mafuta ndi nsima yoyera. Esau anachokera kuthengo atalefuka, ndipo ukulu wake unapita ndi mbale ya mphodza. Wanjala yoopsa satsatsa malonda bwino.

Tsono idyani katatu pa tsiku, pa nthawi zokhazikika, ndipo chakudyacho chikhale chokhalitsa m'mimba. M'mawa phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, kapena mbatata yophika ndi dzira, zimagwira mimba kuposa mandasi atatu ndi tiyi. Masana ndi madzulo gawani mbale motere: theka likhale masamba, monga nkhwani, bonongwe, mpiru, chisoso kapena therere, theka linalo muligawe pawiri, mbali ina nyemba, nandolo, usipa, mazira kapena nyama, mbali ina nsima. Kwa amene ntchito yake ndi yokhala pansi, mitanda iwiri yapakatikati ndi yokwanira. Wolima kapena wopalasa kabaza ndi nkhani ina.  Amene anazolowera mitanda inayi asatsikire pa umodzi tsiku limodzi. Achotse umodzi, papite masabata awiri, achotsenso wina.

Pakulirani m'mbale yanuyanu, chifukwa m'mbale yodyera pamodzi dzanja limangopita osawerenga. Yambani ndi masamba ndi ndiwo, tafunani mosathamanga. Pamatenga mphindi pafupifupi 20 kuti ubongo uzindikire kuti mimba yakhuta, ndiye wodya mothamanga amakhala atawonjezera kale uthengawo usanafike. Nsima yotsala ivundikiridwe ndi kuchotsedwa patebulo. Ndikudziwa tinaleredwa kuti chakudya satsaza, koma mkute ulipo, sikuti chatayika.

Zimene zimanenepetsa mwakachetechete n'zakumwa ndi mafuta ophikira. Supuni yaing'ono ya shuga ndi magalamu 4. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 pa tsiku, ndiwo masupuni 12, ndipo n'kwabwino koposa kukhala pa masupuni 6. Werengani nokha: makapu awiri a tiyi, masupuni atatu m'kapu iliyonse, masupuni 6 atha musanagwire Fanta, Sobo kapena thobwa lotsekemera. Vuto la chakumwa n'lakuti sichikhutitsa. Mukamwa mudyabe nsima yanu yonse. Chepetsani supuni imodzi ya shuga pa sabata mpaka lilime lizolowere. Mafuta nawo aziyezedwa ndi supuni, osati kupendeketsa botolo mumphika, pakuti mafuta ali ndi mphamvu yonenepetsa yoposa kawiri ya shuga wolemera chimodzimodzi. Ndiwo zotendera n'zabwino, koma nsinjiro nayo ndi mafuta, ndiye musathirenso ena pamwamba.

Tsopano nkhuli. Phunzirani kuisiyanitsa ndi njala. Njala imabwera pang'onopang'ono, imamveka m'mimba, ndipo imalandira chilichonse, ngakhale nyemba zadzulo. Nkhuli imabwera mwadzidzidzi ndipo imatchula dzina: ikufuna tchipisi cha pachiwaya, kanyenya, kapena kanthu kotsekemera. Ana a Israyeli m'chipululu anali ndi mana tsiku ndi tsiku, koma analirira nyama, nsomba, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Igupto. Sanali ndi njala, inali nkhuli. Ikakugwirani dzifunseni ngati mungadye mbatata yophika. Ngati inde, idyani, ndi njala. Ngati ayi, imwani kapu ya madzi, chokani pamalopo, gwirani ntchito ina ya manja kapena pempherani mukuyenda, ndipo dikirani mphindi 15. Kawirikawiri chilakolakocho chimakwera n'kutsika chokha. Chikakanika, gulani kochepa, khalani pansi, idyani poyera, mwatha. Miyambo 25 ndime 16 siletsa uchi. Imangoti udye wokukwanira. Kudziletsa kotheratu, kwakuti "sindidzagwiranso tchipisi moyo wanga wonse", ndiko kumathera m'kudya jumbo lonse mobisala.

Onaninso nthawi imene nkhuli imakonda kubwera, ndipo mulembe m'kope kwa sabata imodzi: nthawi, malo, ndi m'mene mtima unalili. Ena mupeza kuti ndi pobwera kuntchito mukadutsa pachiwaya, ndiye sinthani njira kapena idyani nthochi ndi mtedza wodzaza dzanja musanaweruke. Ena ndi usiku pa TV kapena pa foni. Mabisiketi asakhale m'nyumba, pakuti chimene chili m'kabati chidzadyedwa. Ena ndi mukakangana, mukasungulumwa, kapena ngongole ikakupanani. Apa chakudya chimangogonetsa mtima kwa kanthawi, nkhawa n'kudzuka ili yomweyo; bwerani tikambirane, kapena uzani mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira. Ndipo gonani maola osachepera 7, chifukwa kusowa tulo kumawonjezera njala tsiku lotsatira. Eliya atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sanamudzudzule: anamupatsa mkate ndi madzi, iye n'kugonanso.

Mukaphonya pa ukwati kapena pa chinkhoswe, musadzilange ndi kusadya mawa lake, pakuti pamenepo mwayambiranso zija ndanena poyamba. Chakudya chotsatira chikhale cha masiku onse.

Liwiro loyenera ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Munthu wa makilogalamu 90 akataya 5 mpaka 9, BP ndi shuga zimayamba kale kumvera. Sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa, yomweyomweyo. Yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata.

Matiyi ndi mankhwala ochepetsa thupi otsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook, ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa; chotuluka ndi madzi, mafuta ali pomwepo. Kusala kudya ndi pemphero, tisakusandutse njira yochepetsera mimba. Amene mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a shuga musasale kapena kudumpha chakudya musanafunse adokotala, chifukwa shuga atha kutsika mpaka kukomoka. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ino si nthawi yochepetsa thupi. Wina akamadya mosatha kudziimitsa kenako n'kudzisanzitsa, ameneyo akudwala, apite kuchipatala popanda manyazi. Chimodzimodzi amene akuwonda asakufuna.

Mawu otsiriza apite kwa mpingo wonse. Mlendo akati wakhuta, musamuumirize kuti "onjezerani, mwadya chiyani apa?" Amayi ndi abambo okonza chakudya pa misonkhano yathu, pambali pa mpunga, nkhuku ndi zoziziritsa kukhosi pakhale masamba okwanira ndi madzi akumwa. Ndipo tileke manong'onong'o. Alipo amene amaopa kuchepetsa thupi poopa kuti anthu ati akudwala kapena zinthu zavuta kunyumba, ndiye amasankha kukhala ndi BP yokwera kuti asalowe m'kamwa mwa anthu. Mukaona mnzanu malaya ayamba kumukulira, mupatseni moni, ndipo ngati mumakhala moyandikana mufunseni nthawi imene amayenda m'mawa kuti mutsagane naye.

Chisomo cha Ambuye wathu Yesu Khristu chikhale ndi inu nonse.

Ine mtumiki wanu,
Mbusa wa mpingo