Kalata yochokera ku Cape Town

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amoyo ndi athanzi pamodzi ndi onse pakhomopo. Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Mphatso wayamba kukwawa ndipo mano awiri akumunsi atuluka, moti chilichonse chimene wagwira chikuthera kukamwa. Tadala chifuwa chija chinatha, wabwerera kusukulu ya mkaka.

Mayi, tsiku lija pa foni munafunsa mpongozi wanu ngati tikumapitabe kutchalitchi. Iye anayankha kuti inde, ndipo sananame, koma ndinamva m'mawu anu kuti mtima sunakhazikike. Pa foni timangolonjerana mothamanga, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembereni bwinobwino mmene tikukhalira, komanso pali chinthu chimene ndikufuna Bambo atithandize.

Kuno ino ndi nyengo yozizira. Kuyambira June mpaka August kumagwa mvula yamphepo, ndipo 7 koloko m'mawa kumakhala kudakali mdima. Ine ndimanyamuka ana ali mtulo kukakwera minibasi yopita ku Durbanville kumene ndimasamala maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu. Amake Tadala amatsala kukonzekeretsa ana, kenako nawonso amapita kuntchito yawo yoyeretsa m'zipinda za alendo. Choncho pemphero lathu la m'mawa ndi lalifupi, nthawi zina timangoimirira pakhomo titagwirana manja, chikwama chili kale kumsana. Nthawi yeniyeni imene timakhala pamodzi monga banja ndi usiku, ndipo nthawi imeneyo tinaikana kuti isalowedwe ndi kanthu kena.

Tikatha kudya timazimitsa wailesi, mafoni timawaika pawindo. Baibulo lija munandipatsa ponyamuka timalisunga m'pepala lapulasitiki chifukwa makoma a kuno amachita chinyontho, ndipo masamba a ku Masalimo ayamba kale kuthothoka. Magetsi akazima, Tadala ndi amene amagwira tochi. Amaigwira ndi manja onse awiri, nkhope ili gwaa, ndipo akaona kuti ndikuwerenga nthawi yaitali amayamba kuunikira kudenga. Timawerenga mavesi ochepa, timaimba nyimbo imodzi motsitsa mawu kuti tisasokoneze anansi, kenako aliyense amapemphera. Tadala amatchula agogo ake onse mayina, ndipo saiwala kupempherera mbuzi zanu zimene anaziona pa chithunzi.

Chimene chimandilemera mumtima ndi ichi. Ife tinakula tili ndi anthu ambiri otilera m'chikhristu. Mukachoka inu panali azakhali, panali aphunzitsi a Sande sukulu amene ankatidziwa mpaka kunyumba, panali akulu a mpingo amene tinkakumana nawo m'njira tsiku ndi tsiku. Ana athuwa alibe zonsezi. Tadala amatha tsiku lonse akumva Chingerezi ndi Chixhosa, ndipo Pemphero la Ambuye analoweza kaye m'Chingerezi kusukulu. M'Chichewa tikumuphunzitsa mzere umodzi umodzi, panopa amafika pakati n'kuima, kuyang'ana amayi ake kuti amuthandize. Ngati ife awiri titopa n'kungogona, palibenso wina amene adzachite zimenezi m'malo mwathu. Mawu a pa Deuteronomo 6:7, onena kuti tiziphunzitsa ana tikakhala pansi m'nyumba, tikamayenda panjira, pogona ndi podzuka, kale ndinkawamva ngati olankhula kwa anthu akuluakulu. Tsopano ndikuona kuti akunena ine.

Lamulungu timapemphera masana, 2 koloko. Mpingo wathu wa CCAP kuno ulibe nyumba yakeyake, timabwereka tchalitchi cha Dutch Reformed eni ake akatuluka mapemphero awo a m'mawa. Mkulu wina wachikulire wa mpingo wathu, amene wakhala kuno zaka zambiri, anatikumbutsa kuti mpingo wa Dutch Reformed ndi womwe unatumiza Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok kukayamba mishoni ku Mvera mu 1889, ndiponso William Murray amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika lomwe linatuluka mu 1922. Ndinakhala ndikuyang'ana mabenchi aja ndikuganiza kuti Mawu anachoka kuno kupita kwathu, ndipo lero ife tawabweretsanso kuno m'zikwama zathu, m'chinenero chathu. Bambo, ndinalakalaka mukanakhalapo kuti mumve mmene anthu anaimbira tsiku limenelo.

Mkulu yemweyo anatilalikira pa Yeremiya 29, kalata imene mneneri analembera Ayuda amene anatengedwa kupita ku Babulo. Anthu aja ankaganiza kuti abwerera kwawo posachedwa, koma anauzidwa kuti amange nyumba, alime minda, abereke ana, ndiponso apempherere mtendere wa mzinda umene akukhalamo. Ambirife kuno timakhala ngati tili pasiteji kudikira basi. Timati ukwati tidzakadalitsa tikabwerera, mwana tidzakabatiza tikabwerera, Mgonero tidzayambiranso tikabwerera. Zaka zimatha, ana amakula osadziwa kuti ndi a mpingo uti. Ine ndi amake Tadala tinakambirana usiku womwewo ndipo tinagwirizana kuti moyo wathu wachikhristu sungadikire tsiku lobwerera, lomwe ndi Mulungu yekha akulidziwa.

Pali nkhani ina imene ndikufuna muimve kwa ine, isanakufikeni kudzera mwa anthu ena. Amake Tadala amagwira ntchito Lamulungu lina n'kupuma Lamulungu lina, chifukwa alendo ambiri amatuluka m'zipinda tsiku limenelo. Akakhala kuntchito ndimapita ndekha ndi ana, Mphatso pachifuwa, Tadala padzanja, thumba la matewera paphewa. Mumpingo muno alipo ena amene amanena kuti munthu wogwira ntchito Lamulungu waphwanya lamulo lachinayi ndipo sayenera kupatsidwa udindo uliwonse. Lamulo ndimalilemekeza, munandiphunzitsa ndinu. Koma sindigwirizana nawo pamene akuloza chala mayi amene sanadzisankhire masiku ogwira ntchito, amene akakana achotsedwa mawa lake, ana n'kusowa pogona. Ambuye Yesu ananena pa Marko 2:27 kuti Sabata linaikidwa chifukwa cha munthu. Ndimaona mkazi wanga akufika usiku miyendo itatupa, n'kundifunsa kuti alalikira pati lero, n'kutsegula yekha Baibulo kuwerenga ndimeyo asanavule n'komwe nsapato. Munthu wotereyu sindingamutchule wonyoza tsiku la Ambuye. Wapempha kale abwana ake kuti pakapezeka mpata amusinthire masiku, ndipo tikupempherera zimenezo. Amayi a Chigwirizano kuno anaona vutoli, ndiye amakumana Loweruka madzulo kuti ogwira ntchito nawonso azipezekapo, ndipo iye saphonya.

Mayesero kuno ndi ambiri, sindikubisirani. Alipo amuna amene anasiya mabanja kumudzi n'kukwatiranso kuno, ena malipiro onse amathera kumowa Lachisanu. Aliponso odzitcha aneneri amene amagulitsa mafuta ndi madzi, kulonjeza anthu mapepala okhalira m'dziko muno kapena ntchito yabwino. Anthu ovutika amathamangira kumeneko chifukwa mantha ndi enieni, makamaka kwa amene anaona zipolowe zothamangitsa obwera za mu 2008 ndi 2015. Ife kumeneko sitipondako. Komanso ndaona ubwino wa mpingo umene kwathu sindinkauzindikira. Mnzathu akachotsedwa ntchito, atumiki amayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa kangachepe kuti alipire nyumba. Wina akamwalira timasonkha kuti thupi lipite kwawo, ngakhale amene sitinkamudziwa bwino. Pamene Mphatso anabadwa, amayi a mumpingo ankasinthana kubwera kudzachapa ndi kusamala Tadala, zimene mukanachita inu Mayi mukanakhala pafupi.

Tsopano pempho langa. Tikufuna Mphatso abatizidwe chaka chino chisanathe. Abusa amene amatiyendera anena kuti pakufunika makalata a mpingo a makolo onse awiri. Yanga ndinabwera nayo, koma ya amake Tadala inatsala kumeneko chifukwa ananyamuka mofulumira. Bambo, chonde kaonaneni ndi mlembi wa mpingo kuti nkhaniyi ilowe pa bwalo la akulu a mpingo likubwerali. Kalatayo ikatuluka muijambule kaye pa foni ya mlongo wanga n'kutitumizira pa WhatsApp, ndipo yeniyeniyo mudzapatse munthu wodalirika wobwera kuno pa basi. Ikafika, mkazi wanga nayenso ayambiranso kudya Mgonero, chinthu chimene wakhala akuchisowa kwambiri.

Kwa inu Mayi ndili ndi pempho lina. Paulo analembera Timoteo kuti chikhulupiriro chake chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike. Tadala ali ndi mayi pafupi, koma agogo ali kutali. Mlongo wanga akabwera kudzakuonani, mumuuze akujambuleni mawu mukuimba nyimbo zija munkatiimbira pogona, ndiponso mukusimba nkhani ya Yosefe ndi ya Samueli ali mwana mmene munkatisimbira ife. Musade nkhawa kuti mawu anu akalamba. Tizimuikira Tadala kuti azimvetsera usiku tisanapemphere, kuti adziwe mawu a agogo ake ndi Chichewa chenicheni.

Kandalama ka mankhwala a Bambo ndidzatumiza kumapeto a mwezi monga mwa masiku onse. Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali, kwa apongozi anga mukawaona, ndi kwa akhristu onse a kudera lathu. Amake Tadala akupereka moni wambiri, ndipo akuti zithunzi za ana atumiza Loweruka. Muzitikumbukira m'mapemphero, makamaka pa nkhani ya masiku a ntchito ija.

Ndine mwana wanu,
Bambo a Tadala